Mapiritsi a Kalipentala wa ku Nsaru

Ana anga, mwakhala mukundiseka chifukwa cha katoni ya makope imene ili pansi pa bedi langa. Iwe Tadala unanenapo kuti tsiku lina udzayatsira mbaula. Usanatero, ndati nditolemo nkhani zingapo za ntchito yanga ya unamwino, kuti mudziwe kumene mayi wanu ankapita m'mawa uliwonse atavala zoyera, ndiponso chifukwa chake masiku ena ankabwerako osafuna kulankhula ndi munthu. Mutu uno ndi wa bambo wina amene anavulala m'mutu, mkazi wake, ndi mapiritsi amene ndinkawapatsa.

Kulemba tsiku ndi tsiku ndinakuyamba ndili Fomu 2. Aphunzitsi athu anati aliyense azilemba mizere isanu patsiku. Anzanga anasiya teremu isanathe, koma ine sindinasiye mpaka lero. Choncho zimene ndikulemba pano si zongokumbukira chabe, zambiri zili m'makopemo.

Chaka choyamba pa ntchito, cha ku Mpingu

Tsamba loyamba la kope la chaka chimenecho likuti: "Lero ndafika. Nyumba ilibe chitseko chakumbuyo koma anthu ndi abwino. Ndapempha Mulungu kuti aliyense wobwera kwa ine azibwerera kwawo atachira." Ndikawerenga mawu amenewa ndimamumvera chisoni mtsikanayo, komanso ndimamusirira.

Kachipatala kathu kanali ndi zipinda zinayi ndi antchito atatu. Bwana wanga woyamba anali mayi Chirwa, namwino wamkulu, munthu wosaseka koma wodziwa ntchito. Sabata yoyamba anandipeza ndikucheza ndi gogo wina pawindo lolandirira mankhwala, ndikumufunsa za zidzukulu zake. Anandidikira ndimalize, kenaka anandikokera pambali.

"Mtsikana iwe, waona mzerewo pamene wafika?"

"Ndaona, mayi."

"Wafika pamtengo wa mango paja. Ukamufunsa aliyense funso limodzi lowonjezera, womaliza apita kwawo kutada, osalandira kanthu. Pawindo pamanenedwa zitatu basi: angati, nthawi yanji, wotsatira."

Ndinaphunzira msanga. Pakamapepala kokulungira mapiritsi ndinkajambula dzuwa lotuluka kapena lolowa, ndi timizere tosonyeza chiwerengero, chifukwa ambiri sankawerenga. "Limodzi madzulo, osadumphitsa, wotsatira!" Patatha zaka ziwiri ndinali wachangu kuposa mayi Chirwa amene, ndipo ndinkanyadira. Mayiwo sankalakwa. Ndi mmene ntchito inkathekera. Koma ndi mmenenso ndinazolowerera kuona zinthu n'kuzisiya zidutse.

Kuchoka kumeneko ananditumiza cha ku Namitete, kumene ndinakumana ndi bambo anu, kenaka cha ku Nambuma, kumene inu nonse awiri munabadwira. Kulikonse nkhani inali yomweyo. Magolovesi atha, tichape akale. Ambulansi ilibe mafuta. Mankhwala a malungo abwera mvula itatha. Mizere yanga isanu ija inayamba kufupika, masiku ena n'kungolemba kuti "Ndatopa."

Chaka cha khumi ndi chisanu ndi chimodzi, cha ku Nsaru

Kumeneku mkulu wa chipatala anali a Nyirenda, omwe anthu ankawatcha adokotala. Anali munthu wansangala, koma wopewa milandu ngati mmene mphaka amapewera madzi. Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse linali tsiku la odwala khunyu ndi matenda a maganizo. Pamapepala, tsikulo kumayenera kubwera namwino wa matenda amenewa kuchokera ku boma, koma galimoto inkabwera mwa apo ndi apo. Ntchitoyo inagwera ine.

Mabenchi amene odwala athu ankakhalira anakhoma ndi bambo Laston Mbewe, kalipentala wodziwika dera lonselo. Anali mkamwini, ankakhala m'mudzi wa mkazi wake Felista, koma kwawo kunali kutsogolo kwa Kabudula. Anali munthu wanthabwala. Akabwera kudzakonza benchi ankati, "Anesi, odwala anuwa akunenepa, benchi langa silinalakwe."

Mwezi wa Ogasiti, akukhoma denga la sitolo ya Asilamu ena pamsika, thabwa linathyoka ndipo anagwa chamutu pa simenti. Mwini sitoloyo anabwera nawo pa pikiapu. Magazi ankatuluka m'khutu, sankayankha. Tinawaika dilipi n'kuwatumiza ku chipatala chachikulu mumzinda pa galimoto yomweyo. Madzulo ake ndinalemba kuti, "A Mbewe sindikuyembekeza kuti abwerera."

Anabwerera patatha miyezi iwiri, koma sanali omwe aja. Mwendo wamanzere unkakokedwa. Mawu ankatuluka limodzilimodzi. Ankaiwala zimene adya m'mawa. Ndipo anayamba kugwa n'kumaphupha ngati wakhunyu, zimene zimachitika ubongo ukavulala kwambiri. M'kabuku kawo ka kuchipatala madokotala analemba kuti azimwa fenobabitoni, timapiritsi toyera timene tinkapatsa akhunyu, ndi kuti azipita kukaphunzitsidwa kuyenda ndi kulankhula. Zachiwirizo kunalibe amene akanazichita kwathu kuja. Zimene tinali nazo ndi mapiritsiwo.

Ndikufuna mumvetse ichi. Palibe piritsi limene limasoka ubongo. Ubongo umadzikonza wokha pang'onopang'ono, pamene ungathe. Ntchito ya mankhwala ndi kuupatsa mpata, kuletsa kugwa kumene kumabweza munthu m'mbuyo. Koma fenobabitoni amagonetsa. Akachuluka, munthu amafooka maganizo n'kumangokhala ngati thumba la chimanga. Ndipo ukamusiya mwadzidzidzi, kugwa kumabwerera mwamphamvu kuposa kale.

Dzinja la chaka chomwecho

Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse Felista ankabwera ndi mwamuna wake panjinga, iye akukankha. Ankamukhazika pa benchi limene anakhoma yekha, n'kuima pamzere.

"Akupeza bwanji?"

"Anagwa kawiri, anesi."

"Akumwa?"

"Akumwa."

"Limodzi madzulo, osadumphitsa. Wotsatira!"

Mwezi wotsatira, anagwa katatu. Ndinauza a Nyirenda, iwo anati tikweze mlingo. Tinakweza. Mwezi winawo a Mbewe anagwabe, ndipo anthu a kumsika ankanena kuti masiku ano amangogona pakhonde dovu likutuluka, ana akuseweretsa zida zawo. Ndinayamba kuganiza kuti ubongowo unawonongeka kotheratu.

Chimene chinanditsegula maso ndi makope omwe mumawasekawa. Lamulungu lina masana ndinkafufuza tsiku limene tinalandira katemera, ndipo ndinaona dzina la a Mbewe likubwerezedwa. Ndinayamba kutsata. "Ndakumana ndi Felista pachigayo, akuti bambo akungogona." Imeneyo inali sabata yoyamba atalandira mankhwala. "A Mbewe abwera nawo atadziluma lilime." Imeneyo inali sabata yomaliza tsiku la mankhwala lisanafike. Mwezi wina chimodzimodzi. Winanso chimodzimodzi. Tulo kumayambiriro, kugwa kumapeto. Munthu womwa mlingo umodzi tsiku lililonse sachita choncho.

Ndipo pakati pa masambawo ndinapeza mzere wanga womwe, wa mwezi wa Disembala: "Felista watupa pansi pa diso. Sindinafunse, mzere unali wautali."

Loweruka lotsatira ndinakwera njinga kupita kumudzi kwawo. Linali tsiku la khumi chilandirireni mankhwala. Ndinapeza a Mbewe atagona pamkeka pansi pa chisakasa chimene ankagwiriramo ntchito, ntchentche zikutera pakamwa. Felista anandiyalira mphasa kuseri kwa nyumba. Titapatsana moni ndinati, "Tandionetsani mapiritsi aja."

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi kapepala kanga kaja, kojambula dzuwa lolowa. Munatsala mapiritsi asanu.

"Felista, enawo apita kuti?"

"Amwa."

"Onse?"

Anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. Atayamba kulankhula sanalire, ankangonena ngati akuwerenga kalata ya munthu wina.

"Anesi, bambo awa ndakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri, sanandilozepo chala. Chibwerereni ku Lilongwe, kanthu kakang'ono basi, wailesi ya kwa aneba, mwana kulira, amadzuka ngati ng'ombe yolusa. Chitseko icho anakhoma okha, anachiphwanya okha. Tsiku lina anaponya hamala, inadutsa apa pa khutu la mwana wathu wamng'ono. Kenaka amakhala pansi n'kumalira, kufunsa kuti wachita zimenezi ndani. Ndiye ndinaona kuti akamwa piritsi lanu lija amafatsa. Ndinayamba kusinja awiri, atatu, n'kuthira m'thobwa m'mawa. Pakhomo pamakhala bata. Akatha, ndimangodikira Lachinayi lanu."

"Bwanji simunandiuze?"

Anakweza maso n'kundiyang'ana. "Pawindo paja? Anthu onse aja ali kumbuyo kwanga?"

Ndinamufotokozera kuti kupsa mtimako ndi mbali ya chilonda cha m'mutu, si khalidwe la mwamuna wake, ndi kuti mapiritsi ochuluka chotero akanatha kumugonetsa osadzukanso. Apo ndi pamene analira. Kenaka anandiuza china chimene sindinkachidziwa. Achemwali a mwamuna wake, a Nambewe, anali atatumiza uthenga kuti akubwera ndi amalume awo Loweruka lotsatira kudzatenga m'bale wawo. Ankanena kuti Felista anamudyetsa khuzumule, mankhwala amene amati mkazi amathira m'chakudya kuti mwamuna apuse, azingomvera. Ankati Felista akufuna atsale ndi nyumba ya malata ndi zida. Kwawoko anali atakonza kale zopita naye kwa sing'anga kuti akasanzitsidwe, ndipo za mapiritsi a kuchipatala sankafuna kumva.

"Akandifunsa ngati ndinathira kanthu m'thobwa, ndiyankha chiyani, anesi? Ndinathiradi."

Ndinamufunsa funso limene ndinayenera kufunsa miyezi itatu m'mbuyomo. "Inuyo mukufuna chiyani? Akapita naye, mupuma. Palibe amene angakuweruzeni pamaso panga."

"Ndatopa, anesi. Ndatopa kwabasi. Koma kumeneko chipatala chili kutali, ndipo achemwali awo ali ndi maukwati awo. Akapita nawo, mvula ikamatha tidzamva uthenga wa maliro. Ana anga adzandifunsa."

Loweruka la ankhoswe

Lolemba ndinawafotokozera a Nyirenda zonse. Anagwira mutu.

"Sisita, ife ndife a chipatala, si ankhoswe. Lembani m'kabuku kuti wosamalira wodwala sanatsate malangizo, basi. Zinazo ndi za pabanja."

"Ndikalemba choncho, akamutcha mfiti mayi uja."

"Nanga mukufuna atche ife?"

Sabata imeneyo ndinalemba masamba ambiri kuposa chaka chonse. Ndikanena zonse, a Mbewe atengedwa, mankhwala asiyidwa mwadzidzidzi, ndipo Felista akhala ndi dzina loipa mpaka kumanda. Ndikakana kuti palibe chinachitika, ndanama pamaso pa anthu, ine amene ndinakulerani kuti musamaname. Ndikapanda kupita, ndachita zomwe ndinachita mu Disembala. Bambo anu anati, "Iwe umadziwa kale kuti upita, ukungofuna ndikuletse." Sanandiletse.

Tinakhala pansi pa chisakasa chija dzuwa lili pamutu. Mbali imodzi a Nambewe, mayi wamtali wa mawu akuthwa, ndi amalume awo okalamba. Mbali inayo Felista ndi mchimwene wake, yemwe anali nkhoswe yake. A Mbewe anali pakati, atatsamira tebulo lawo lopalira matabwa. Sabata imeneyo ndinkawapatsa mlingo woyenera, ndiye anali maso, ngakhale ankayang'ana patali.

Amalume anayamba bwino, kuthokoza kuti talandira alendo. A Nambewe sanadikire kuti amalize.

"Malume, tisazungulire. Ine ndinakamuona mchimwene wanga ku Lilongwe ali pabedi. Anandizindikira, ananditchula dzina, anafunsa za mbuzi zake. Lero ndi uyu. Kuchipatala anatuluka munthu, pakhomo pano wasanduka chitsa. Kugwa padenga anagwa kamodzi, nanga akupusirapusira bwanji mwezi ndi mwezi? Alamu, yankhani."

Mchimwene wa Felista anati, "Mwina anesi atithandize, poti abwera."

A Nambewe anatembenukira kwa ine. "Eya, inu ophunzira. Ndikufunsani funso limodzi, mundiyankhe ngati mayi mnzanga. Mchimwene wangayu wadyetsedwa kanthu kapena ayi?"

Anali ndi maso akuthwa mayi ameneyo, ndipo sankalakwa pa zimene anaona. Ankamukonda mchimwene wake. Ichi ndi chimene chinandivuta koposa.

Ndinati, "Mayi, mwaona bwino. Si kugwa kokha kumene kwawafooketsa. Chawafooketsa ndi mankhwala, koma si a m'tchire. Ndi mapiritsi ochokera m'manja mwanga. Amaletsa kugwa, koma akachuluka amagonetsa munthu. Anachuluka m'thupi mwawo miyezi itatu, ine osazindikira, ndipo m'malo mofufuza ndinawonjezera mlingo. Ntchito yoyang'anira zimenezi inali yanga. Ndinalephera."

Mawu alionse amene ndinanena anali oona. Koma za thobwa sindinatchule, ndipo ndinkadziwa kuti onse amva ngati ndine ndekha ndinalakwitsa. Ndi zimene ndinkafuna.

A Nambewe anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva, malume? Yunifomu yoyera, ntchito yakuda! Ndiye mwabwera kudzatiuza kuti mwatipusitsira m'bale wathu, ife tiziti zikomo?"

"Ndabwera kudzapempha miyezi itatu. Ndipita nawo ndekha ku Lilongwe akawasinthire mankhwala. Ikatha miyezi itatu osasintha, mudzawatenge. Koma mukawatenga lero n'kusiya mapiritsi mwadzidzidzi, adzagwa mosalekeza, ndipo akhoza kufa."

"Tiwasiye kwa inu omwe mwawawononga?"

Amalume anakweza dzanja. Anasendera pafupi ndi mphwawo n'kumugwira bondo. "Laston, mwana wanga, tabwera kudzakutenga. Tipite kwathu?"

A Mbewe anawayang'ana nthawi yaitali. Milomo inkagwedezeka mawu asanatuluke. Kenaka anati, "Denga... silinathe."

Ankanena denga la sitolo lija, limene wina anali atamaliza kalekale. Palibe amene anawauza. Amalume anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kunena kuti, "Miyezi itatu. Tikakolola tidzabweranso." A Nambewe anadzuka osatsanzika. Felista sanandiyang'ane tsiku lonselo.

Kuyambira Malichi mpaka kukolola

Mwini sitolo uja anatitenga pa pikiapu yake popita kukapikula katundu. Ku chipatala chachikulu tinakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka masana. Dokotala amene tinamupeza anali wamng'ono kwa ine, ndipo iyeyo ndinamuuza zonse, za thobwa zomwe. Sanakalipe. Analemba mankhwala ena, kabamazepini, amene amaletsa kugwa osagonetsa kwambiri, ndipo anati kwa ena ovulala m'mutu amachepetsanso kupsa mtima. Anandilembera mmene tizichepetsera akale aja pang'onopang'ono kwinaku tikukweza atsopanowa. Anatichenjeza kuti tisayembekezere zodabwitsa.

Ndinasiya kupereka a mwezi wonse. Felista ankabwera Lachisanu lililonse kudzatenga a sabata imodzi, ndipo sankaima pawindo. Ndinkamulowetsa m'chipinda chobayira jakisoni n'kutseka chitseko. Mphindi khumi. Tinkakambirana zimene zamukwiyitsa mwamuna wake sabata imeneyo. Tinagwirizana kuti hamala, sowo ndi tchizulo zikasungidwe kwa mchimwene wake, kuti ana asamasewere pafupi masana, ndi kuti bambo akayamba kulusa onse azingochoka osayankha. A Nyirenda ankagogoda. "Sisita, msonkhano wa amayi a mvano uli mkati? Kunja kuno anthu akufa ndi dzuwa."

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono, moti popanda kope sindikanakuona. "Sabata ino sanagwe." "Afunsa kuti tepi yawo yoyezera ili kuti." "Akalipa koma sanaponye kanthu." "Agwa kamodzi." "Anditcha anesi, andifunsa ngati benchi lili bwino." Amalume anabwera okha atakolola. Anapeza mphwawo akupala thabwa ndi sandipepa, anacheza naye, anagona masiku awiri n'kubwerera. Za kumutenga sizinanenedwenso.

Ndikanakonda nkhaniyi ithere pamenepa, koma sinathere pamenepa.

Mawu anga a pansi pa chisakasa anayenda. A Nambewe anawanena pamsika tsiku lomwelo podikira galimoto, ndipo pofika Lamulungu dera lonse linkadziwa kuti anesi avomera okha kuti mapiritsi awo oyera amapusitsa anthu. Lachinayi loyamba la Epulo, mabenchi anali ndi malo. Mu Meyi chimodzimodzi. Ndinayenda m'midzi ndi alangizi a zaumoyo kufotokoza kuti mlingo woyenera suwononga munthu. Ena anabwerera, ena ayi. A Nyirenda sanandikalipire. Anangoti, "Ndinanena, sisita," ndipo zimenezi zinapweteka kuposa kukalipa.

Mu Juni anthu anabwera ndi mtsikana wina dzina lake Mphatso, wa Sitandade 7, amene ndinkamupatsa mankhwala a khunyu kwa zaka zitatu osagwa. Mayi ake anamusiyitsa atamva mphekesera ija, poopa kuti mwana alephera mayeso. Anagwera pamoto akuphika ndiwo. Dzanja lamanja linapsa kuyambira m'zala mpaka m'chigongono. Ndinatsuka chilonda chimenecho m'mawa uliwonse kwa miyezi iwiri. Anali mwana wolimba mtima, ankaluma chitenje osalira. Zala zitatu zinapindika osawongokanso. Tsiku lina mayi ake anandiuza, osati mokwiya, kuti, "Tinamva kuti mwanena nokha, anesi."

Ndinanenadi ndekha. Ndinateteza banja limodzi, ndipo mtengo wake unalipidwa ndi mwana amene sanali pansi pa chisakasa chija. Ndakhala ndikufunafuna mawu ena amene ndikanalankhula tsiku lija, oti apulumutse Felista osaopseza mayi a Mphatso. Zaka zonsezi sindinawapeze. Chimene ndimachidziwa ndi chakuti ndikanafunsa funso limodzi mu Disembala, pawindo, tsiku la ankhoswe silikanafika.

Zaka zotsatira

A Mbewe sanakwerenso denga. Manambala ankawasokoneza, ndipo akatopa mawu ankawathawa. Ankakhoma timipando ndi makola a nkhunda. Kupsa mtima sikunathe konse, kunangochepa kufika poti n'kukhala nako. Kabamazepini ankasowa kawirikawiri. Chaka china anasowa miyezi inayi, tinabwerera ku timapiritsi toyera tija pa mlingo wochepa, Felista akusunga kapepala m'thumba la chitenje chake ngati chinthu chotentha. Sanawonjezeponso ngakhale limodzi.

Patatha zaka zisanu anandisamutsa kubwerera cha ku Namitete, kumene ndinapumira ntchito. Tsiku lolongedza katundu, awiriwo anabwera ndi kampando pa keriyala ya njinga. A Mbewe anakatsitsa okha, anakaika pansi, n'kukagwedeza. Mwendo umodzi unali waufupi.

"Anesi," anatero mwapang'onopang'ono, "pansi panu... ndi popendekera. Mpando... sunalakwe."

Tinaseka tonse atatu. Kanali koyamba kumva nthabwala yawo chigwereni padenga.

Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, n'kumwalira ndi chibayo m'mudzi wa mkazi wawo, ana awo atakula. Ndinapita kumaliro. A Nambewe analipo, atakalamba. Anandiona, anatembenukira kumbali. Sindiwaimba mlandu, iwo mpaka lero amadziwa kuti ndine ndinawononga mchimwene wawo. Felista anali ndi imvi, msana utapindika ngati wa munthu woposa zaka zake. Titachoka kumanda anandiperekeza kumsewu. Tili m'njira anati, "Anesi, tsiku lija munandiikira kumbuyo. Koma munandisenzetsanso katundu wa zaka khumi ndi chimodzi."

"Mukanakonda akanapita?"

"Masiku ena inde. Koma ana awaika bambo awo pano, akudziwa pamene ali." Anandigwira dzanja. "Za thobwa zija, ndinawauza bambo okha asanafe. Anati, n'chifukwa chake linkawawa."

Minibasi inafika, ndinakwera.

Kampando kaja ndi kamene kali pakhonde, kamene inu mumakana kukhalira chifukwa kamagwedera. Pansi pa mwendo waufupiwo ndinaika kope lopinda kuti kakhazikike. Ndi kope la chaka chimenecho, limene muli mzere wa mu Disembala uja. Tadala, ukadzafuna choyatsira mbaula, tenga onse a m'katoni. Koma la pansi pa mpandolo ulisiye pomwepo.